Kutsogolera orchestra, kuimba piyano ndi kukhala woimba chida: mafunso ndi mayankho kwa Amalawi a ku Joni

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa makolo, otsogolera makwaya ndi achinyamata achimalawi okhala kuno ku Joni, makamaka mwana akayamba chida kusukulu kapena akaonera konsati koyamba. Oyankha ndi aphunzitsi a nyimbo ndi oimba zida.

Kodi orchestra imakhala ndi anthu angati, nanga amagawidwa bwanji?

Orchestra yathunthu yoimba ma symphony, nyimbo zazitali za gulu lonse la zida, imakhala ndi anthu pakati pa 70 ndi 100. Oposa theka ndi a zida za nsambo zoimbidwa ndi uta. M'gulu lalikulu mumakhala mavayolini oyamba 16, achiwiri 14, ma viola 12, ma cello 10 ndi ma double bass 8. Kumbuyo kwawo kumakhala zitoliro: flute, oboe, clarinet ndi bassoon, ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu. Kenako malipenga: ma horn 4, ma trumpet 2 kapena 3, ma trombone 3 ndi tuba imodzi. Kumapeto kwenikweni ndi kwa ng'oma, ndipo zazikulu mwa izo, timpani, zimachunidwa monga chida china chilichonse.

Chiwerengero chimatengera nyimbo. Za Haydn ndi Mozart zimatheka ndi anthu 35 kapena 40, pomwe zina za Mahler zimafuna oposa 100. N'chifukwa chake ma orchestra ambiri amakhala ndi oimba okhazikika ochepa, ena n'kumawaitana ngati aganyu nyimbo ikafuna anthu ambiri.

Wokhala kutsogolo kwa mavayolini oyamba, kumanzere kwa wotsogolera, ndi concertmaster. Ndiye amasankha poti uta utsike ndi poti ukwere, n'kulemba zizindikiro m'manoti kuti onse atengere. Konsati isanayambe amaimirira, woimba oboe n'kuliza noti ya A, onse n'kuchunira pamenepo. A imeneyi ndi 440 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 440 pa sekondi, ngakhale magulu ambiri a ku Ulaya amakweza kufika 442 kapena 443.

Kuno ku Johannesburg ziliko zimenezi?

Ziliko. Johannesburg Philharmonic Orchestra inayamba mu 2000, pamene oimba a National Symphony Orchestra, yomwe inatha chifukwa chosowa ndalama, anaganiza zopanga gulu lawolawo. Makonsati ake ambiri amachitikira ku Linder Auditorium, ku Parktown, pakampasi ya maphunziro a uphunzitsi ya Wits. Mkulu wake ndi Bongani Tembe, yemwenso amayendetsa KwaZulu-Natal Philharmonic ya ku Durban. Ku Cape Town kuli Cape Town Philharmonic, yomwe mbiri yake imayambira mu 1914. Mu 2022 kunabadwa Mzansi National Philharmonic Orchestra, yosonkhanitsa oimba a m'dziko lonse pa nthawi ya makonsati ake.

Za ana ndiye zofunika kwambiri kwa makolo. Kuli Johannesburg Youth Orchestra Company, National School of the Arts ku Braamfontein, ndi Buskaid ku Diepkloof, Soweto, yomwe Rosemary Nalden anaiyambitsa mu 1997 kuti ana a m'malokeshoni aphunzire vayolini ndi zida zinzake. Samson Diamond anayambira ku Buskaid, nakaphunzira ku Manchester, nadzakhala mtsogoleri wa Odeion String Quartet ku Bloemfontein. Abel Selaocoe, woimba cello wodziwika padziko lonse, ndi mwana wa ku Sebokeng amene maphunziro ake oyamba anachitira ku Soweto. Njira ilipo ndithu, ndipo ena anaidutsa kale.

Oimba onse ali ndi manoti patsogolo pawo. Wogwedeza kandodo uja ntchito yake n'chiyani?

Zimene mumaona pakonsati ndi kachigawo kakang'ono. Ntchito yaikulu imachitika iye ali yekha patebulo, miyezi ingapo konsati isanafike, ndi buku la nyimbo yonse lotchedwa score. Woimba vayolini amawerenga mzere wake umodzi. Wotsogolera amawerenga mizere 20 kapena 30 nthawi imodzi, kuchokera pamwamba kutsika pansi, n'kumva m'mutu mwake momwe zonse zidzamvekere pamodzi. Kuvuta kwake n'kwakuti zida zina siziliza noti imene yalembedwa. Clarinet ya B flat ikawerenga C imatulutsa B flat. Horn ya F ikawerenga C imatulutsa F wa m'munsi mwake. Viola ili ndi clef yakeyake, chizindikiro cha kumayambiriro kwa mzere chosonyeza pamene noti iliyonse ili. Amene sangasinthe zimenezi m'mutu mofulumira sangadziwe amene walakwitsa.

Kenako pamabwera mapulakatisi, nthawi zambiri atatu kapena anayi okha, lililonse la maola awiri ndi theka kapena atatu. Nthawiyi ndi yodula chifukwa anthu 80 akulipidwa. Wotsogolera wabwino akaimitsa gulu amanena zinthu zogwirika, akutchula nambala ya bar, kagawo ka mabiti angapo m'manoti: "Bar 112, ma horn mukuchedwa, mverani ma cello. Oboe yachiwiri, F sharp wanu watsika." Wosadziwa ntchito amaimitsa n'kuyamba kufotokoza mbiri ya wopeka nyimbo, oimba n'kumangoyang'ana wotchi.

Pakonsati, dzanja lamanja limasunga nthawi. Pa nyimbo ya mabiti anayi limapita pansi, kumanzere, kumanja, m'mwamba. Pa ya atatu limapita pansi, kumanja, m'mwamba. Lamanzere limalowetsa amene akhala chete nthawi yaitali, limakweza kapena kutsitsa mawu. Chofunika koposa ndi kukweza dzanja noti yoyamba isanalire, chifukwa m'kukwezako oimba amawerengamo liwiro, mphamvu ndi popumira. Symphony ya 5 ya Beethoven imayamba ndi kampata kachete noti yoyamba isanabwere, ndipo otsogolera ambiri atsopano amagwera pomwepo.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu sachiganizira. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Pa siteji ya mamita 20, wa kumapeto uku amamva wa kumapeto uko mochedwa pang'ono. Aliyense akatsatira khutu lake lokha, nyimbo imayamba kukokeka. Diso limaona dzanja nthawi yomweyo.

Ndatsogolera kwaya ya kumpingo zaka zambiri ndipo tonic sol-fa ndimaidziwa bwino. Ndingafike potsogolera orchestra?

Mwayamba kale ndi zinthu ziwiri zimene ena amazivutikira: khutu lomva kuti alto watsika, ndi luso loima pamaso pa anthu n'kuwakonza osawanyoza. Musazichepetse. Koma sol-fa yokha siingakufikitseni, chifukwa nyimbo za orchestra zimalembedwa pa manoti a m'mizere. Kuno mwayi ulipo, popeza nyimbo zambiri za makwaya zimasindikizidwa ndi zonse ziwiri, sol-fa pamwamba ndi manoti a m'mizere pansi. Mzilikazi Khumalo ndi Richard Cock analimbikitsa kwambiri kalembedwe kameneka pa zikondwerero za makwaya akuluakulu kuno ku Johannesburg. Tengani nyimbo imene mukuidziwa kale, phimbani sol-fa ndi pepala, muwerenge za pansizo.

Chachiwiri, phunzirani piyano kufika poti mungaimbe mawu anayi a nyimbo ya m'buku la kutchalitchi osaima. Chachitatu, lembani mayeso a theory, malamulo a kalembedwe ka nyimbo, kufika Grade 5 poyamba, kenako harmony, kagwirizanidwe ka mawu. Chachinayi, gwirani chida chimodzi cha mu orchestra ngakhale kwa zaka ziwiri zokha, kuti mudziwe chimene mukupempha mukauza wa vayolini kuti aimbe motsitsa kunsonga ya uta. Ndipo pemphani chilolezo chokakhala kumbuyo pa mapulakatisi a orchestra ya achinyamata muli ndi score m'manja.

Chizolowezi chimodzi cha kukwaya muyenera kuchisiya. Otsogolera makwaya ambiri amagwedeza dzanja pa silabulo iliyonse ya mawu. Woimba trombone amene akuwerenga ma bar 60 achete sapindula nazo, iye akufuna kuona biti yoyamba ya bar iliyonse ikutsika pansi momveka. Dzijambuleni ndi foni, muonere mutatseka mawu. Ngati inu eni simungadziwe pamene bar ikuyambira, oimba sadzadziwanso.

Khomo loyamba nthawi zambiri ndi kwaya yoimba ndi zida zochepa, monga Messiah ya Handel pa Khirisimasi kapena pa Isitala.

Otsogolera otchuka anayamba bwanji?

Pafupifupi onse anali oimba chida kaye. Arturo Toscanini ankaimba cello m'gulu la opera limene linapita ku Rio de Janeiro mu 1886, ndipo anatsogolera Aida ali ndi zaka 19 chifukwa panasowa wina. Leonard Bernstein anali wothandizira ku New York Philharmonic pamene Bruno Walter anadwala, pa 14 November 1943, iye n'kulowa m'malo popanda pulakatisi. Anthu amakonda nkhani zoterezi ngati za mwayi, koma onse awiri anali atakonzeka kale.

Njira yakale ya ku Germany ndi kuyamba ngati woimbira piyano oimba a opera pa mapulakatisi, kenako kupatsidwa sewero limodzi, pang'onopang'ono mpaka kukwera. Njira ina ndi mipikisano. Seiji Ozawa anapambana ku Besançon, ku France, mu 1959. Gustavo Dudamel, amene anakulira mu El Sistema, pulogalamu ya ku Venezuela yophunzitsa ana zida, anapambana mpikisano wa Mahler ku Bamberg mu 2004, ndipo mu 2009 anakhala mkulu wa Los Angeles Philharmonic. Kuno, Brandon Phillips, woimba bassoon, anapambana mpikisano woyamba wa Len van Zyl mu 2010 ndipo anadzakhala wotsogolera wokhazikika ku Cape Town Philharmonic. Simon Rattle anakhala zaka 18 akutsogolera orchestra ya ku Birmingham, kuyambira 1980 mpaka 1998, asanapite ku Berlin mu 2002, ndipo m'zaka 18 zimenezo ndi momwe anaphunzira ntchito.

Makomo sanali otsegukira onse. Dean Dixon, wakuda wa ku America, anachita kusamukira ku Ulaya kuti apeze gulu lake, natsogolera ku Gothenburg ndi ku Frankfurt. Marin Alsop anatenga Baltimore Symphony mu 2007, pa nthawi imene amayi pa udindo wotere anali osowa kwambiri.

Mwana wanga wa zaka 7 sachoka pa kiyibodi ya kutchalitchi. Ndiyambe bwanji?

Zaka 6 mpaka 8 ndi msinkhu wabwino. Mupezereni mphunzitsi wophunzitsa kuwerenga manoti, kamodzi pa sabata kwa mphindi 30, ndipo kunyumba aziyeserera mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse. Kuyeserera pang'ono tsiku ndi tsiku kumaposa maola awiri Loweruka lokha. Kuimba ndi khutu kwa kutchalitchi asakusiye, kudzamuthandiza, koma kusalowe m'malo mwa kuwerenga.

M'mera mpoyamba. Kakhalidwe ka dzanja kakalakwika chaka choyamba, kukonza kwake kumatenga zaka. Mpando ukhale wokwera moti mkono kuchokera pachigongono kufika padzanja ukhale wopingasa, zala zopindika pang'ono, mapewa ogwa, ndipo ngati mapazi sakufika pansi muikireni kabokosi.

Kiyibodi ya makiyi 61 opepuka imathandiza chaka choyamba chokha. Piyano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo ndi olemera, moti mphamvu ya chala ndiyo imasintha mawu. Kwa okhala m'fulati ku Yeoville, Berea kapena Rosettenville, piyano ya magetsi ya makiyi 88 olemera, yokhala ndi pedulo ndi mahedifoni, ndiyo yanzeru, chifukwa siifuna kuchuna ndipo aneba sadandaula.

Abwana akusamuka ndipo akuti titenge piyano yawo yakale kwaulere. Titenge?

Musanyamule musanaiyese, chifukwa piyano yakufa ndi katundu wa makilogalamu 200 kapena kuposa amene mudzavutike kumutaya. Chitani izi. Ikani pulogalamu yochunira mu foni, dinani A wa pamwamba pa C wapakati, yemwe ndi kiyi ya nambala 49 kuchokera kumanzere. Ikaonetsa pafupi ndi 440, zili bwino. Ikatsika ndi theka la toni kapena kuposa, piyanoyo yakhala zaka osachunidwa, ndipo poikweza nsambo zina zingaduke. Dinani makiyi onse 88 imodziimodzi. Noti imodzi ikamalira ngati manoti awiri osiyana, mwina mapini ogwira nsambo akhwefuka m'thabwa lake, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa piyanoyo. Tsegulani pamwamba ndi thabwa la pansi pa makiyi, muunike ndi tochi. Yang'anani dzimbiri pansambo, nsalu za tinyundo zodyedwa ndi njenjete, ndowe za makoswe, ndi mng'alu pachitsulo chachikulu chogwira nsambo. Nsambozo ndi pafupifupi 230 ndipo zimakoka ndi mphamvu ya matani 18 mpaka 20, choncho chitsulo chong'aluka sichikonzeka. Chabwino koposa n'kulipira wochuna piyano kuti akaione isanachoke.

Mukaitenga, iyende choimirira, yomangidwa, anthu anayi ndi kangolo. Ikafika dikirani masabata awiri kapena atatu musanachune. Nyengo ya kuno imavutitsa mapiyano. M'miyezi yozizira mpweya umauma kwambiri, thabwa lokuza mawu limafota, manoti n'kutsika. Mvula ikayamba limafufuma, manoti n'kukwera. Chunani kawiri pa chaka, cha mu June ndi cha mu November, ndipo musaiike pafupi ndi hita kapena pawindo lolowa dzuwa.

Mayeso a ma grade ndi ofunika?

Inde, ngati muyeso. Yunivesite ya Unisa ndi mabungwe a ku Britain a ABRSM ndi Trinity College London onse amayesa kuno, kuyambira Grade 1 mpaka 8, kenako madipuloma. Koma Grade 8 si mapeto, ndi pamene maphunziro a kuyunivesite amayambira. Mphunzitsi amene chaka chonse amangophunzitsa nyimbo zitatu za mayeso akumulanda mwanayo, chifukwa adzakhala ndi satifiketi koma osatha kuwerenga nyimbo yatsopano.

Munthu amakhala bwanji woimba piyano wa m'makonsati?

Tinene mosabisa: amene amadya ndi makonsati okhaokha ndi ochepa kwambiri padziko lonse. Ambiri mwa iwo anayamba asanakwane zaka 7, pofika zaka 15 anali akuimba ndi ma orchestra, ndipo amayeserera maola 4 mpaka 6 patsiku. Konsati ya munthu mmodzi imakhala ndi nyimbo za mphindi 80 kapena 90 zoloweza pamtima. Concerto, nyimbo ya woimba mmodzi woperekezedwa ndi orchestra, nayo ndi yaitali: ya 3 ya Rachmaninoff yokha imatenga mphindi pafupifupi 40. Piyano sayenda nayo, amaipeza muholo, nthawi zambiri Steinway ya model D yotalika masentimita 274, ndipo amakhala ndi ola limodzi kapena awiri kuti aizolowere.

Mipikisano ndiyo imatsegula makomo. Wa Chopin ku Warsaw unayamba mu 1927 ndipo umachitika zaka 5 zilizonse. Anapambanako Maurizio Pollini mu 1960, Martha Argerich mu 1965, Krystian Zimerman mu 1975 ndi Seong-Jin Cho mu 2015. Van Cliburn anapambana wa Tchaikovsky ku Moscow mu 1958, ndipo mpikisano wa dzina lake ku Fort Worth, ku America, anaupambana Yunchan Lim mu 2022 ali ndi zaka 18. Pafupi pompa, ku Pretoria, Unisa yakhala ikuchititsa mpikisano wa piyano wa mayiko onse kuyambira 1982, ndipo mwana wophunzira piyano ayenera kukaonerako. Anton Nel, wobadwira ku Johannesburg, anapambana wa Naumburg ku New York mu 1987, ndipo amaimba m'makonsati kwinaku akuphunzitsa payunivesite ku Austin, Texas.

Mphoto yeniyeni ya mpikisano ndi makonsati a zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira. Amene ali ndi nyimbo za mpikisano zokha amathera pomwepo, chifukwa orchestra ikaimba foni kuti wina wadwala, imafuna munthu amene concerto imeneyo ili kale m'zala.

Ntchito ya piyano yopezeka tsiku ndi tsiku ndi ina: kuperekeza oimba ndi ophunzira pa mayeso, makwaya, masukulu a ballet, opera, maukwati, tchalitchi ndi kuphunzitsa. Pa zonsezi, wowerenga manoti atsopano mofulumira ndiye amaitanidwa kawiri.

Akuti oimba amavulala. Zoona?

Zoona. Kutupa kwa minyewa ya dzanja ndi kupweteka kwa khosi ndi phewa n'zofala. Woimba piyano Lang Lang anasiya makonsati kwa nthawi yaitali mu 2017 chifukwa cha mkono wamanzere. Leon Fleisher, nayenso wa piyano, zala ziwiri za kumanja zinayamba kupindika zokha mu 1964, matenda otchedwa focal dystonia, ndipo kwa zaka zambiri ankaimba nyimbo za dzanja lamanzere lokha, kuphunzitsa ndi kutsogolera. Chimayambitsa kawirikawiri ndi kuwonjezera maola mwadzidzidzi mayeso akayandikira, kubwereza malo amodzi ovuta mwamphamvu, ndi kuumitsa mkono. Pumani mphindi 10 pa ola lililonse. Ululu kapena dzanzi zikayamba, imani, mukaonane ndi dokotala. Okhala kutsogolo kwa malipenga ndi ng'oma amafunikanso zotsekera m'makutu za oimba, chifukwa khutu likawonongeka silibwerera.

Ngati cholinga ndi ntchito mu orchestra, asankhe chida chiti?

Piyano ilibe mpando wokhazikika m'ma orchestra ambiri. Flute ndi clarinet zili ndi ophunzira ambiri koma mipando iwiri kapena itatu. Viola, double bass, oboe, bassoon ndi horn zimasowa anthu, ndipo ma orchestra a achinyamata nthawi zina amabwereketsa zida zimenezi. Vayolini ndi cello ayambe ali wamng'ono, pa chida cha msinkhu wake, cha kota kapena theka. Zouzira angayambe pa zaka 9 mpaka 12, mano a kutsogolo atamera okhazikika. Wa oboe ndi bassoon adziwe kuti Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kabango kouzirapo kamene kanapalidwira ku Durban kamamveka kouma kuno, n'kufuna kupalidwanso.

Mpando ukapezeka, amalemba bwanji munthu ntchito?

Mwa audition, mayeso oimba pamaso pa oweruza. Mumatumiza CV ndi zojambula, osankhidwa n'kulandira mndandanda wa zoimba: chigawo choyamba cha concerto, kawirikawiri ya Mozart, ndi tizigawo tovuta ta nyimbo za orchestra. Wa vayolini sangathawe tsamba loyamba la Don Juan ya Richard Strauss. M'magulu ambiri gawo loyamba limachitika kuseri kwa chinsalu kuti oweruza asaone nkhope. Mumapatsidwa mphindi zochepa, ndipo chimagwetsa ambiri si noti yolakwika koma kuthamanga pa malo osavuta ndi kufupikitsa malo achete. Wopambana amayesedwa kaye kwa miyezi ingapo m'gulu. Apa amaona ngati amafika msanga, ngati ali ndi pensulo yolembera zimene wotsogolera wanena, ndi ngati mawu ake amalowerera mwa anzake.

Mipando yokhazikika ndi yochepa m'dziko muno, choncho oimba ambiri a kuno amaphatikiza orchestra, kuphunzitsa m'masukulu, kujambula m'studio ndi zochitika za makampani.

Mwana wa Mmalawi angaphunzire nyimbo kuyunivesite kuno? Mapepala ake ndi ati?

Angathe. Digiri ya BMus ndi ya zaka 4, ndipo ilipo ku Wits ndi ku University of Pretoria. Kulowa kumafuna zinthu ziwiri: magiredi a sukulu ndi audition yokhala ndi mayeso a theory. Amene ali ndi satifiketi ya kumudzi ayenera kuipititsa ku Matriculation Board ya Universities South Africa kuti aione ngati ikukwanira, ndipo zimenezi ziyambike chaka chathunthu nthawi isanakwane. Amene si nzika komanso alibe chilolezo chokhazikika amafunika study visa ndi medical aid. Pangano la SADC la maphunziro la 1997 limati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko, koma mayunivesite amawonjezera ndalama ina ya ophunzira akunja, ndipo NSFAS, thandizo la boma la fizi, si ya ophunzira a study visa. Pa bursary kapena mpikisano uliwonse, werengani kaye mzere wonena za unzika musanalipire ndalama yolembetsera.

Tikufuna kupita ndi ana ku Linder koyamba. Tidziwe chiyani?

Suti siyofunika, zovala za kutchalitchi zikwanira. Fikani mphindi 30 nthawi isanakwane, chifukwa ochedwa amadikira panja mpaka nyimbo ithe. Nthawi zambiri symphony imakhala ndi zigawo zinayi ndipo concerto zitatu, ndipo mwambo ndi kuomba m'manja kumapeto kwa zonse, wotsogolera akatsitsa manja n'kutembenuka. Funsani za matikiti a ophunzira. Mwana wa piyano akhale kumanzere kwa holo, kumene zala za woimba zimaoneka.